Chingwe cha Auje

Kuseri kwa chitseko cha chipinda changa kuli msomali, ndipo pamsomalipo pakulendewera chingwe cha makobidi akale onyezimira. Alendo akachiona amati ndi chokongola. Ine ndimayankha kuti zikomo, kenaka ndimapeza chifukwa chotulukira panja. Makobidi amenewo ndi anthu. Ndi abale anga a ku Dedza, ndipo mayina awo ndinawasungunula ndekha m'beseni la amayi, dzuwa likuswa mtengo, ndisanalawe ngakhale dontho la mowa.

Ndiyambe ndi kudziulula kuti musavutike kundifufuza. Ndinabadwira ku Kwekwe kuno ku Zimbabwe, m'dera la Amaveni. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, osati chifukwa cha umbuli (ngakhale mukamaliza nkhaniyi mudzatsutsa), koma chifukwa mnyamata wina m'kalasi ananditcha mubhurandaya, dzina limene amanyozera nalo ife a makolo ochokera ku Malawi. Ndinamuyankha ndi mpando. Aphunzitsi aakulu anati ndikabwere ndi kholo, ndipo mpaka lero akudikira. Kuyambira pamenepo ndine mukorokoza, ndiye kuti ndimakumba golide m'maenje a cha ku Gaika ndi anzanga. Tsiku lina timadya nyama, mwezi wotsatira timadya fumbi. Mtima wanga ndi wapachala, ndipo si woba: ndinautengera kwa agogo anga aMbewe, bambo a amayi.

Agogo anachoka ku Dedza ndevu zisanamere, nthawi imene Nyasalandi ndi Rodeshiya ankagwiritsa ntchito khobidi limodzi. Anagwira ntchito pansi pamgodi mpaka chifuwa chinakana, ndipo kwawo sanapondekonso. Anthu otere amatchedwa matchona, koma ukatchula mawu amenewa pamaso pawo unkaona ndodo ikubwera.

"Mtchona ndi woiwala kwawo," ankatero. "Ine ndaiwala chiyani? Miyendo ndi imene inatchona. Lilime langali likadali ku Dedza, silinawoloke Zambezi."

Zoonadi, Chichewa chawo ankachinyadira ngati suti ya ukwati. Akakwiya ankatukwana m'Chilapalapa cha mumgodi, koma ankati chimenecho si chilankhulo, ndi chida chabe ngati fosholo. Ife obadwira kuno ankatitcha Ashona a mphuno za Chichewa.

Ine ndi amene ndinkawapatsa umboni wochuluka. Ndili wamng'ono anabwera ndi buledi, n'kundipatsa. "Sunga buledi uyu, ndikubwera." Tsono ine ndinakulira mumsewu ndi ana a Chishona, ndipo m'Chishona kusunga ndi kumanga. Ndinamasula chingwe cha nsapato, n'kumangirira buledi uja kumwendo wa tebulo, mfundo ziwiri kuti asathawe. Agogo atabwera anaseka mpaka kukhala pansi. Anaitana anthu oyandikana nawo nyumba kuti adzaone mkaidi.

"Iwe, tamvera. M'Chichewa kusunga ndi kusamala. Kumanga ndi kumanga. Buledi walakwa chiyani?"

Nkhani imeneyi inanenedwa pa ukwati uliwonse ndi pamaliro aliwonse a banja lathu. Ndinafika pometa ndevu anthu akundifunsabe ngati buledi uja anamasulidwa. Ndinalumbira mumtima kuti mawu ena onse a Chichewa akhoza kundigwetsa, koma amenewa ayi.

Tsopano za makobidi. Agogo anali ndi sikafutini, chitini chimene ankanyamulira chakudya popita kumgodi. M'menemo munali zingwe za ulusi wa matumba a ufa, ndipo chingwe chilichonse chinatungidwa makobidi. Ena anali obadwa ndi bowo, a njovu ziwiri aja. Ena anawaboola okha ndi msomali. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankakhala patsinde pa mgwafa kuseri kwa nyumba, n'kumayendetsa zala pazingwezo, milomo ikugwedezeka.

Ndikuuzeni lero zimene ine sindinkadziwa nthawi imeneyo. Agogo sankatha kulemba. Uthenga ukafika kuchokera ku Dedza kuti kwabadwa mwana, ankapisa m'thumba, khobidi limene lapezekamo, kaya la kuno kaya la ku Malawi lobwera ndi alendo, n'kuliboola, n'kulitunga. Chingwe chilichonse chinali bere limodzi: cha amayi awo, cha mlongo wawo wamkulu ndi ana ake, cha mlongo wamng'ono, ndi cha ife a kuno. Wina akamwalira ankamanga mfundo patsogolo pa khobidi lake. Atakalamba mutu unayamba kudontha. Ukawafunsa dzina la mlongo wawo ali chikhalire, ankakuyang'ana ngati wawafunsa za kumwezi. Koma zala zikagwira chingwe, mayina ankabwera okha motsatana, ili likukoka linzake, khobidi lopindika ndi uyu, lokhakhala m'mbali ndi uyu. Mayinawo sanali m'mutu. Anali pakati pa zala ndi chingwe. Ndipo ife tonse m'nyumba, njira yokha yodzapezera abale athu agogo akadzagona inali imeneyo.

Amayi ankadziwa zonsezi. Ine ndinkaganiza kuti ndi nkhalamba youmira ikuwerenga chuma chimene chinatha ntchito kalekale. Sindinafunsepo. Ine ndi agogo tikakhala pamodzi, pasanathe nthawi wina ankakhala ataimirira.

Maso awo anachita ng'ala mpaka anasiya kusiyanitsa ine ndi chitseko. Azakhali a ku Mtapa anakonza zoti akawapale masowo kuchipatala china ku Gweru, ndipo amayi anawaperekeza kuti akakhale nawo komweko mpaka apole. Amayi anali atakonza kale kuti akabwerako adzakhala nawo pansi, foni ili pakati, ajambule mayina onse kamodzi n'kamodzi. (Izinso sanandiuze. M'nyumba mwathu ine ndimauzidwa zinthu zikatha.)

Madzulo oti mawa anyamuka, ine ndi agogo tinali titakangana. Ndinamenyetsa chitseko mpaka chogwirira chinathyoka, agogo n'kunena kuti, "Manja akowo anabadwira kuswa basi. Palibe chimene unasungapo iwe." Mawu amenewo anandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndiye mutha kuona mmene ndinamvera m'mawa wa ulendowo, pamene anandiitana ndi dzanja, n'kundiika sikafutini pamiyendo.

"Zingwezi zatha, zafumbwa. Undisungire. Usunge bwinobwino, chimodzichimodzi. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Wamvadi, kapena wamva mwa buledi?"

"Ndamva mwa Chichewa," ndinayankha, chifuwa chili patsogolo.

Basi itanyamuka ndinakhala pakhonde ndi chitinicho ngati munthu wopatsidwa mpando wa unduna. Agogo andikhulupirira. Ndiwaonetsa kuti manja awa amatha kusamala. Ndinaganiza kuti kungoika chitini pansi pa bedi ndi kusunga kwa anthu wamba. Ine ndinkafuna kusunga koti akabwera ndi maso atsopano, chinthu choyamba kuona chiwagwetse misozi. (Apa pokha ndinakwanitsa.)

Mnzanga Tawanda, amene timalowa naye dzenje limodzi, anafika masana ndi foni yake yong'aluka galasi. Nditamuonetsa makobidiwo anatulutsa kanema wa azungu ena amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa ndalama zakale. Ankaziika m'mabuku okhala ndi timatumba, iliyonse ndi kapepala kake: dziko, chaka, chithunzi chimene chilipo.

"Waona, shaa? Anthu ozindikira amasunga chonchi. Osati kutunga ngati matemba. Mudhara wako, agogo akowo, akaona zotere akupatsa nyumba."

"Nanga zingwezi?"

"Wanena yekha kuti zatha. Chotha chimapita kudzala."

Ndinatenga lezala. Ulusi unali wofooka moti sunakane n'komwe. Ndinadula chingwe choyamba, makobidi n'kugwera m'beseni, ngwee ngwee. Chachiwiri. Chachitatu. Mfundo zija zinkandisokoneza, ndinkangoti nkhalamba inkamanga mosaona. Ndinazitaya pamoto pamodzi ndi ulusi wake. Ndiye kuti ndi lezala limodzi ndinaukitsa akufa onse a m'banja mwathu, n'kuwasakaniza ndi amoyo, ana ndi agogo awo, a ku Dedza ndi a ku Kwekwe, onse m'beseni la amayi lotsukira mbale. Ndinawavundula ndi dzanja, n'kumva kukoma phokoso lake.

Kenaka ndinaona kuti ndi akuda. Zala za agogo zinawadetsa kwa zaka zochuluka moti ena chaka sichinkaoneka, ndipo ine ndinkafuna chaka kuti ndilembe. Ndinayamba ndi sopo. Palibe. Ndinathira chakumwa chakuda cha m'botolo chija amati chimatsuka chilichonse. Nyerere zokha ndi zimene zinasangalala. Ndinabwera ndi phulusa ndi waya wokwechera mapoto, ndinakwecha mpaka zala kutuluka magazi, koma ukwecha limodzi anzake akukuyang'ana mulu wonse.

Tawanda anali atakhala pa ndowa akudya magwafa a agogo. "Ukuvutikiranji ngati si iwe mukorokoza? Golide timayeretsa ndi chiyani?"

Ife tikapeza golide timamuviika mu asidi kuti zitsulo zina zonse zimene zamumatirira zidyeke, golide atsale yekha. Taonani chiganizo chimenechi bwinobwino: zitsulo zina zonse zidyeke. Ndimachidziwa ngati dzina langa. Ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Koma tsiku limenelo mutu wanga unangomva mawu akuti kuyeretsa. Ndinakatenga botolo kumene timabisa zida, ndinatulutsa beseni kuseri kwa nyumba, n'kuthira. Ndinati ndingoviika pang'ono, n'kutsukuluza msanga.

Beseni linayamba kuwira lopanda moto. Utsi wofiirira unakwera, wonunkha moti Tawanda analumpha mpanda gwafa ali kukamwa. Mphepo inautenga utsiwo n'kukaupachika pa zovala za MaMoyo, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene anali atangoyanika yunifolomu yawo ya chigwirizano cha amayi.

"We mfana, ukuphika ufiti masana? Bulauzi yanga yoyera ija!"

Munthu wanzeru akanati pepani amayi, n'kuthamangira beseni. Ine ndinapita kumpanda. Ndinawauza kuti mphepo si yanga. Anandiuza kuti amayi anga anabala chilango. Ndinawakumbutsa za nkhuku zawo zimene zimadya ndiwo zathu. Anandikumbutsa za mpando wa kusukulu. Tinafukula nkhani zonse za mumsewu wathu kuyambira ndili m'matewera, anthu n'kusonkhana, ena n'kubwera ndi mipando. Ndikukhulupirira kuti ndinapambana mkanganowo. Nditatembenuka, madzi a m'beseni anali obiriwira ngati a m'dziwe la achule, pansi pa beseni pataboka, ndipo mzere wa repu wa amayi unali utagona chafufumimba.

Ndinathira madzi ndowa ndi ndowa. Zimene zinatsala zinali zonyezimira, zimenezo sindinganame. Koma zinali zopyapyala ngati zivindikiro za mabotolo. Mfumu ya azungu inatsala yopanda mphuno. Njovu zina zinasanduka mbewa. Tambala wa ku Malawi anali ngati wosololedwa nthenga. Timakobidi ta tiki tating'onoting'ono tija, tina sindinatipezenso, ndipo popeza sindinawerenge poyamba, sindikudziwa kuti ndi angati anapita ndi madzi obiriwira kukathirira repu.

Mukuganiza kuti ndinaima pamenepo? Ndinadziuza kuti agogo saona bwino kalekale, sadziwa kuti mfumu inali ndi mphuno. Ndinapempha makatoni a mafuta ophikira kushopu, ndinawadula bwinobwino, ndinagula selotepi. Ndinapeza kope langa la Fomu 2 limene linali ndi masamba ambiri oyera (aphunzitsi a masamu angachitire umboni), n'kujambula mizere ndi rula: Dziko, Chaka, Nyama yake. Katoni yoyamba, Rodeshiya ndi Nyasalandi. Yachiwiri, Malawi. Yachitatu, Rodeshiya yekha. Kenaka ndalama zoyamba za Zimbabwe, kenaka makobidi a posachedwapa otchedwa mabondi. Amene asidi anawafufuta nkhope ndinawapatsa katoni yawoyawo, ndipo pamwamba ndinalemba ndi zilembo zazikulu: ZOSADZIWIKA. Katoni imeneyi ndi imene inadzaza msanga.

Chichokereni kusukulu sindinagwirepo cholembera nthawi yaitali chotero. Kudzenje sindinapite. Ndinkaima patali n'kumayang'ana makatoni anga atatsamira khoma, mtima uli mbee. Ndinagulanso beseni latsopano ndi chogwirira chitseko.

Anabwera Loweruka masana. Agogo anatsika basi atavala magalasi akuda ngati woimba, akuyenda osagwira phewa la amayi. Atafika pakhonde anatsitsa magalasiwo n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Kani unakula moipa chonchi? Bola ng'ala ija."

Tinaseka tonse. Anandigwira tsaya, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndinawalowetsa m'nyumba, ndinawakhazika pampando, n'kuchotsa nsalu imene ndinaphimbira makatoni.

"Agogo, katundu wanu uja. Ndasunga."

Anayang'ana. Anasendera pafupi. "Zokongola. Za ndani?"

"Zanu. Izi za Nyasalandi, izi za Malawi. Zonse ndalemba m'kope, chaka ndi chaka."

Amayi anali pakhomo ndi chikwama m'manja. Chikwamacho chinagwa. Agogo anatambasula dzanja, n'kuyendetsa chala pa selotepi, khobidi ndi khobidi, ngati munthu wogogoda pamakomo a mudzi umene anthu anasamuka.

"Zingwe zili kuti?"

"Munati zatha. Ndinatentha."

"Mfundo?"

"Zinali pazingwe pomwepo."

Ndinkadikira ndodo. Ndinkadikira Chilapalapa. Kunena zoona ndinkazifuna, chifukwa munthu akakukalipira umapeza pogwira. Koma anangofunsa motsitsa mawu, "Ndinakuuza chiyani, mwana iwe?"

Magazi anandikwera. "Munati ndisunge. Ndasunga. Onani mmene ndasungira. Zala zanga izi, mabala okhaokha. Munthu ungachite chiyani m'nyumba muno kuti akuyamike?"

"Ndinati usunge. Ulusi watha, ugule wina, usunge chimodzichimodzi mmene zinalili. Usunge zolimba, mfundo zake..." Manja awo ankaonetsa m'malere, akukoka nsonga ziwiri za chingwe chosaoneka.

Amayi ndi amene analankhula.

"Bambo, kumeneko ndi kumanga. Mwanena m'Chishona."

"Ndani?"

"Inuyo. Kusunga kwa kumanga ndi kwa Chishona."

Manja aja anatsala m'malere. Ndinaona milomo yawo ikuyesa mawuwo mwakachetechete, sunga, manga, sunga, ngati munthu wofufuza dzino limene likuwawa. Kenaka manja anatsikira pamaondo.

"Ndiye kuti lawoloka," anatero. "Lilime lija lawoloka, ine osadziwa. Ndatchona basi."

Kwa zaka zonsezi ndinkalota tsiku limene ine ndidzakhoze Chichewa agogo n'kulakwa. Ndinkati ndidzaitana oyandikana nafe nyumba ngati mmene anachitira iwo pa buledi. Tsikulo linafika, ndipo ndinapezeka ndili kuseri kwa chimbudzi ndikulira ngati mwana wotayika pamsika. Amayi anandipeza komweko, nandifotokozera za mabere, za mfundo, za foni imene ankafuna kujambulira. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Nanga repu wanga analakwa chiyani?" Tinaseka pang'ono, misozi ili m'kamwa.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinamatula selotepi yense, ndinagula ulusi wa nayiloni, ndipo tinakhala patsinde pa mgwafa, agogo, amayi ndi ine, foni ili pampando. Agogo anavula magalasi n'kutsinzina. Anati maso atsopanowa akuwasokoneza, anthu awo sanawadziwepo ndi maso.

Khobidi loyamba analipeza msanga. Linali la njovu, lopindika pakati moti ngakhale asidi analephera kuliwongola. "Amayi anga awa. Manga mfundo." Ndinamanga. Anapeza alongo awo awiri, mfundo, mfundo. Anapeza mwana woyamba wa mlongo wamkulu, chifukwa bowo lake linali lokhota, msomali unaterereka tsiku limenelo. Dzina lake linakoka la mng'ono wake, ndipo tinayamba kuyembekezera. Kenaka ndinawapatsa lotsatira. Analitembenuza, analisisita ndi chala chachikulu, analiika patsaya.

"Uyu ndi... uje. Mwana wa uje uja. Wa kumunsi kwa dambo."

"Ndani, bambo?"

"Uje." Analitembenuzanso. "Wasalala kwambiri. Muikeni apo, abwera."

Sanabwere. Mulu wa pambaliwo unakula kuposa zingwe zonse pamodzi. Foni ya amayi ili ndi zonsezi mpaka lero: kulira kwa makobidi, nkhuku za MaMoyo, ndi mawu a nkhalamba akuti uje, uje, uje. Tinayesanso Lamulungu lotsatira, ndi linzake. Nthawi zina dzina linkatulukira ali mkati momwa tiyi, amayi n'kuthamangira foni, koma loti n'kulumikiza ndi khobidi kapena ndi bere lake panalibe. Mapeto ake anandiuza kuti nditunge otsalawo pachingwe chimodzi. "Asagone mbalambanda. Ngakhale opanda dzina amafuna pogona." Mfundo sitinamange ngakhale imodzi, chifukwa sitinkadziwa woti timuphe ndani.

Pansi pa chitini panatsala kachitsulo kamodzi kopanda bowo. Mukukumbukira ndalama ya madola asanu ija, yoyera pakati, yokhala ndi mphete yachikasu kuzungulira? Asidi anadya mphete yonse pamodzi ndi bowo lake, n'kusiya kapakati kokha, pamene pali chipembere. Agogo anakagwira kamodzi kokha.

"Uyu ndamudziwa. Ndi iwe."

"Ine?"

"Tsiku limene unabadwa ndi imene inali m'thumba. Sindinasankhe. Koma Mulungu amadziwa nthabwala. Chipembere chimayamba kuthamanga, kuona pambuyo." Anakatembenuza. "Taona, anzako onse wawasungunula, iwe watsala bwinobwino. Koma pokumangirira kwa abale ako wadya wekha."

Ndinati ndikatenge msomali tiboole. Anakana, anati mutu wa chipembere ndi wouma, msomali ungathyoke. Anakaponya m'thumba la malaya.

"Uyu ndimusunga ine."

Amayi anafunsa, akupukuta m'maso, "Kusunga kwake kuti, bambo? Kwa ku Dedza kapena kwa kuno?"

"Konse kuwiri," anatero agogo. "Ameneyu amafunika konse kuwiri."

Anamwalira mvula yoyamba itagwa, ndipo tinawaika ku Kwekwe konkuno. Mayina ochepa amene tinapulumutsa aja tinawapatsa dalaivala wina wa thiraki wa kutchalitchi kwathu amene amadutsa ku Dedza, ndipo anafunsafunsa mpaka anapeza mudziwo. Patapita masabata angapo foni ya amayi inalira, nambala ya ku Malawi. Amayi anali kumsika, ndinayankha ndine. Anali mayi wachikulire, mawu ake ofanana ndi a agogo moti ndinakhala pansi. Anatchula dzina lake, dzina limene sindinalimvepo. Anati ndi mdzukulu wa mlongo wamng'ono.

"Sitinaonanepo nawo. Koma ndimati ndifunse, ankatidziwa ife? Ankanditchulako?"

Ndinayang'ana kuseri kwa chitseko. "Lamulungu lililonse, amayi," ndinatero. Ndipo sindinaname. Ankawatchuladi, mpaka tsiku limene ine ndinaganiza zowathandiza.

Nditadula foni ndinatsitsa chingwe cha auje, ndinasankha khobidi limodzi looneka bwinoko, ndinalitunga pa bere la mlongo wamng'ono, n'kulemba dzinalo m'kope langa la Fomu 2. Mwina si lake. Mwina ndapatsa mayi wamoyo khobidi la munthu amene anafa kalekale. Koma mzere wa Nyama yake ndinaufufuta, pamwamba pake ndinalemba kuti Dzina.

Kachipembere kaja amayi anakapeza pochapa malaya a agogo tisanawaike m'manda. Kanali m'thumba, kokulungidwa pakona ya mpango wa m'manja, komangidwa mfundo ziwiri. Sitinamasule. Anapita nako.

Mukafuna kudziwa ngati ndinaphunzirapo kanthu, ndinganene kuti masiku ano munthu akandiuza kuti sunga, ndimayamba ndafunsa kuti m'chilankhulo chanji. Sabata yatha Tawanda anandipatsa tochi yake pakamwa pa dzenje, n'kunena mawu omwewo. Ndinamufunsa mwaulemu ndithu. Iye anaseka, nati kodi nkhani ya buledi ija ndi yoona.

Tochiyo tikuifunabe.